Kusintha ekizozi ya kagalimoto ka nitro osapsereza injini, makamaka kuchigwa kuno

Ka T-Maxx kanga, kagalimoto koseweretsa koyendetsa ndi rimoti ka kampani ya Traxxas, anandibweretsera ndi achimwene anga akulu kuchokera ku Johannesburg, kakale ndithu koma kamoyo, ndipo ekizozi yake inatha tsiku lomwe ndinakawombetsa pa chitsa cha msangu kuseri kwa bwalo la mpira kuno ku Nchalo. Paipi inang'aluka cha pamimba, mafuta akuda bii kumangochucha pamng'alupo, injini osakhazikika, ukangokapatsa moto kamazima. Ndiye ndinati basi mwayi ndi womwewu, ndiyikemo ya aluminiyamu yonyezimira ija timaiona pa YouTube. Ndinayikadi. Mathanki awiri asanathe pulagi yoyatsira mafuta mu injini inapsa, ndinaika ina nayo inapsanso, mutu wa injini kutentha moti malovu ndikadontheza ankangoti tswii kusowa pompo. Paipi inalibe mlandu ayi, wolakwa ndinali ine, ndinasintha chitsulo koma singano za pa kabuleta, zomwe zimawonjezera kapena kuchepetsa mafuta, ndinazisiya mmene zinalili.

Ndiye ndati ndilembe mmene ndimachitira tsopano, poti ndaona tayamba kuchulukako amene tili ndi timagalimoto timeneti kuchigwa kuno, wina ku Ngabu ali ndi Savage, winanso ku Bangula ndamva akuyitanitsa, ndipo tonsefe zipangizo timadikira miyezi kuti zifike, sizoti ukapsereza injini lero mawa ukagula ina pa Dyeratu.

Ambiri akaona paipiyi amayesa ndi yongotulutsira utsi ngati ya njinga ya kabaza. Za kabaza zambiri ndi four-stroke, zili ndi mavavu, pomwe ka injini ka nitro ndi two-stroke ngati makina odulira mitengo aja, mavavu mulibe, pisitoni yomweyo ndi imene imatsegula ndi kutseka mabowo a m'mbali mwa silinda. Pisitoni ikatsika n'kutsegula bowo la utsi, kuphulika kuja kumatuluka ngati funde. Paipi imayamba yowonda kenako n'kumakula, ndipo kukula kumeneko kumakoka utsi wotsalira n'kukokeranso mafuta atsopano mu silinda, ena mpaka amapitirira kulowa mu paipi momwemo. Kumapeto paipi imawondanso, ndiye funde lija likagunda pamenepo limabwerera, monga mmene madzi a Shire amachitira boti la injini likadutsa, amamenya gombe n'kubwerera pakati. Likabwerera pa nthawi yake limakankhira mafuta othawa aja m'kati pisitoni isanatseke bowo, injini n'kuphulitsa chakudya chochuluka kuposa chomwe ikanagwira payokha. Ndipo zonsezi zikuchitika mu injini yomwe imazungulira kupyola ka 30,000 pa mphindi, kutanthauza ka 500 pa sekondi imodzi.

Nzeru imeneyi amene anaikhwimitsa ndi Walter Kaaden wa kampani ya njinga zamoto ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950, kenako wokwera wake Ernst Degner anathawira ku Suzuki mu 1961 atanyamula nzeruzo m'mutu, 1962 n'kukhala katswiri wa dziko lonse pa njinga za 50cc. Ndangodutsapo poti zimandisangalatsa kuti kachitsulo kotalika ngati chikhatho kali ndi mbiri yotere.

Chofunika kugwira apa ndi chakuti funde limatenga nthawi kupita ndi kubwerera. Paipi ikakhala yaitali, kuwerengera ndi manifodi yomwe, kapaipi kaja kolumikiza paipiyo ku injini, funde limachedwa, ndiye imagwirizana ndi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mphamvu zimabwera ponyamuka. Ikakhala yaifupi funde limafika msanga, mphamvu zimabwera kumapeto injini ikamakuwa. Palibe paipi yokupatsani zonse ziwiri mokwana, wogulitsa akakuuzani choncho akufuna ndalama zanu basi. Ndiye dzifunseni kumene mumaseweretsa. Ife kuno ndi mumchenga, m'mizere ya m'minda akakolola, pabwalo la mpira lamabampu, ndipo monster truck ngati T-Maxx ndi yolemera matayala ake akuluakulu, ine ndimati tengani ya ponyamuka kapena yapakatikati. Ya liwiro la kumapeto ija ndi ya anzathu a pa tara wosalala, mukaiyika pa T-Maxx mumchenga kamangolira bwoooo osanyamuka, kilatchi n'kumatentha chabe.

Musanaitanitse onani kukula kwa injini yanu. Injini ya Traxxas ya TRX 2.5 ndi 2.5cc, yomwe pa mapaipi amalemba .15, TRX 3.3 ili cha pa .20, ma buggy a mpikisano ndi .21 yomwe ndi 3.5cc, pomwe Savage X 4.6 ndi .28. Paipi ya .21 kapena .28 pa ka injini ka .15 ndi ngati kuveka mwana jekete ya bambo ake, mimba yake ndi yaikulu, mpweya siukwana, ndipo thanki nayo siilandira mphamvu yokankhira mafuta. Onaninso ngati utsi umatulukira m'mbali mwa injini kapena kumbuyo, komanso manifodi imagwidwa ndi masikuluwu kapena sipuling'i, chifukwa izi sizisinthana. Pa ma Traxxas yosavuta ndi Resonator yawo yomwe, imalowa popanda kulimbana nayo. Mukaona paipi yolembedwa EFRA ndi nambala, ndi yovomerezeka pa mipikisano ya ku Ulaya, yabwino ndithu koma zambiri ndi za .21, musakopeke ndi chidindocho. Pali zina zolumikizidwa ndi manifodi ndi timasipuling'i titatu tating'ono, zina ndi kalabala ka silikoni. Ine ndimakonda za kalabala poti ukawomba chitsa kalabala kamagonja m'malo moti manifodi ipindike, komanso utha kusuntha kutalika pang'ono. Ndipo poitanitsa, chonde, itanitsirani limodzi gasiketi ziwiri, kalabala kapadera ndi mapulagi atatu kapena anayi, mudzandithokoza.

Mnzanga wina wowotcherera pamsika anati aaa zongotaya ndalama izo, ndikupangira ndi pompa yakale ya njinga. Anapangadi kkkk, yooneka bwino, kulira kwake ngati mfuti, koma m'kati ndi yowongoka mulibe kukula ndi kuwonda kuja, kagalimoto kanayenda ngati kadwala malungo.

Tsiku losintha dikirani injini izizire, kenako tsukani kaye fumbi lonse pozungulira manifodi ndi kaburashi ka mano kakale musanamasule chilichonse. Fumbi la kuno ndi losalala ngati ufa woyera, kambewu kamodzi kakalowa pabowo la utsi kakanda pisitoni. Gwirirani ntchito pamkeka kapena patebulo osati pamchenga, ndipo masikuluwu ndi masipuling'i ikani m'mbale. Ine ndinkaika mu lichero mpaka amayi akunyumba anandiletsa litayamba kununkha mafuta. Zulani kachubu kochokera pa paipi kupita ku thanki, dulani ma cable tie, masulani kasikuluwu kogwira waya wonyamula paipi, paipi ichoke. Sipuling'i ya manifodi musaikoke ndi pulayazi yokha, imapulumuka n'kuuluka ndipo mumchenga simudzaipezanso, kolowekani kachingwe ka nayiloni pa ngowe yake n'kukoka ndi chingwecho. Manifodi ikachoka zungulizani fulaiwilo ndi chala mpaka pisitoni itseke bowo, kenako tsekaniponso ndi kansalu koyera pamene mukupala zotsalira za gasiketi yakale. Palani ndi chikhadabo kapena kapulasitiki, mpeni umakanda aluminiyamu.

Paipi yatsopano itsukeni isanapite pa injini, izi ambiri sachita. M'kati mumatsalira tizinyenyeswa ta aluminiyamu ta ku fakitale, ndipo poti funde lija limabwerera, tizinyenyeswato titha kubwerera nalo mu silinda. Madzi otentha ndi sopo, kukhutchumula bwinobwino, kutsukuluza, kuyanika, dzuwa la kuno silichedwa. Kenako uzirani pa kanipo kaja kolowetsapo kachubu muone ngati mpweya ukudutsa.

Pomanga yambani ndi gasiketi yatsopano, yakale ngakhale ikuoneka yabwino yaphwa kale. Ngati ndi ya silikoni yozungulira ipakeni kadontho ka mafuta a injini omwewo kuti manifodi ilowe osaitsina. Ngati ndi ya masikuluwu awiri, pakani silikoni wopirira moto wofiira uja mopyapyala kwambiri, kaguluu ka Loctite ya buluu pa masikuluwu kuti asamasuke, kumanga mosinthanasinthana pang'onopang'ono, ndipo mudzamangenso injini ikatentha n'kuzizira koyamba. Yofiira ya Loctite ayi, simudzamasulanso popanda moto. Musaiwale kuchotsa kansalu kaja.

Pa kalabala ndi pamene pamafunika maso. Pukutani nsonga ya manifodi ndi ya paipi ndi sipiriti kuti pasakhale mafuta, apo bii kalabala kazivuka injini ikangotentha. Lowetsani mbali zonse koma zitsulo ziwirizo zisagundane m'kati, pasiyike mpata wa mamilimita awiri kapena atatu. Zikagundana zimapekesana ndi kunjenjemera kwa injini, mudzaona phala lotuwa ngati phulusa lonyowa likutuluka, ameneyo ndi aluminiyamu wanu akutha. Mpata ukakulanso kwambiri utsi wamoto umamenya kalabala mwachindunji, kamafufuma n'kuphulika. Mangani ndi ma cable tie, awiri mbali iliyonse ngati malo alipo. Waya musamangire, umadula silikoni. Ndipo chubu cha njinga kapena paipi yothirira dimba m'malo mwa kalabala musayese n'komwe, ine ndinayesa chubu tsiku lina nditasowa pogwira, thanki isanafike theka chinali chasungunuka kununkha ngati awotcha matayala pamsewu.

Waya wonyamula paipi upindeni mpaka paipi ikhale pamalo ake yokha popanda kukokedwa, chifukwa mukaikakamiza kulemera konse kumapita pa manifodi ndipo gasiketi iyamba kudontha. Pomwe kasikuluwu kopanda mutu kaja kamaluma waya, palanipo ndi fayilo pakhale pafulati, Loctite ya buluu pang'ono. Yang'anani kuti paipi siikukhudza thanki, kachubu ka mafuta, mawaya kapena bodi, ndipo kanikizani kagalimoto pansi mpaka mashoko athere, tembenuzani matayala uku ndi uku, muone ngati palibe chogunda. Kamchira kotulukira utsi kaloze kunja ndi kutsika pang'ono, koma osati kuloza pansi penipeni, nthawi ya chilimwe kamauzira fumbi koboo ndipo fumbi lomwelo ndi limene fyuluta imameza. Bowo la pa bodi likuzeni, pulasitiki ikayandikira imasungunuka. Ngati mukuikapo kalabala kokhotetsa utsi kadulireni kafupi, kakatalika kamatsamwitsa injini.

Tsopano kachubu kaja kochokera pa paipi kupita pa thanki, apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Timagalimoto timeneti tilibe pampu ya mafuta. Mpweya wa mu ekizozi ndi umene umalowa mu thanki n'kukankha mafuta kupita ku kabuleta. Ndiye mukasintha paipi mwasinthanso pampu osadziwa. Paipi yatsopano ikakhala yopuma momasuka, mphamvu yokankha mafuta imachepa, pomwe injini yayamba kukoka mpweya wambiri, ndiye pa singano zomwe zija injini ikudya mafuta ochepa kusiyana ndi kale. Ndipo mafuta a nitro si ongoyaka chabe, muli methanol, nitromethane ndi oyilo, oyilo ameneyo ndi yekhayo wofewetsa pisitoni ndi mabeling'i, methanol ndi amene amaziziritsa m'kati. Kuyimana mafuta ndi kuyimana oyilo ndi kuziziritsa komwe. N'zimene zinapsereza mapulagi anga aja, ndipo ndinachita mwayi kuti pisitoni inapulumuka.

Kachubu ikani katsopano, kutalika kwake kofanana ndi kakale, musakafupikitse kuti pawoneke bwino. Kuti muone ngati zonse zagwirana, thirani mafuta, tsekani kamchira ndi chala, zungulizani injini masekondi awiri pulagi isanayatsidwe, muyenera kuona mafuta akuyenda mu kachubu kupita ku kabuleta. Akapanda kuyenda pali podontha, mwina pa kalabala, pa gasiketi kapena pa chivindikiro cha thanki. Akangofika chotsani chala, mukapitiriza injini imakhuta mafuta n'kukana kuzungulira, ndipo pamenepo musakakamize, chotsani pulagi, tembenuzani kagalimoto chadodolido, zungulizani mafuta atuluke, nkhope kutali.

Musanalize koyamba masulani singano yaikulu, ya liwiro ija, kota ya kuzungulira. Kumanga ndi kuchepetsa mafuta, kumasula ndi kuwonjezera, musasokoneze. Ngati munaisokoneza kale moti simukudziwa ili pati, pa TRX 2.5 ndi 3.3 poyambira pa fakitale ndi kuimasula ka 4 kuchokera pomwe yatsekeka, ndipo potseka muzingoigunditsa mopepuka osaikanikiza. Fyuluta ikhale yotsuka yopaka oyilo wake, apo ayi mutchuna zabodza. Lizani, yendetsani mofatsa mpaka itenthe, izikhala yaulesi, utsi uli tolotolo, mafuta kulavula, zili bwino choncho. Kenako muziyamba kumanga pang'onopang'ono. Ine ndimayerekeza mzere wa pamutu pa singano ngati muvi wa wotchi, ndimasuntha ola limodzi basi, kuchoka pa 12 kufika pa 1, kenako kuthamangitsa kawiri katatu kutalika kwa bwalo, kumvetsera, kuyeza kutentha, ndiye kusunthanso. Mudzamva kulira kukuyera, liwiro kukwera. Pomwe mwasuntha koma liwiro osawonjezereka, kapena yayamba kudukiza kumapeto ngati ikubanika, kapena utsi wasowa, mwapyola, bwererani maola awiri msanga. Utsi uzioneka nthawi zonse mukapatsa moto.

Yaikulu ikakhala bwino ndiye muone yaing'ono ya ponyamuka. Injini ili yotentha ikulira payokha, tsinani kachubu ka mafuta pafupi ndi kabuleta n'kuwerenga. Ikalira masekondi atatu kapena anayi, kukwera pang'ono kenako kuzima, ili bwino. Ikazima pompo mukuyimana, masulani. Ikapitirira nthawi yaitali yakhuta, mangani pang'ono. Kasikuluwu ka aidulo, kotchunira mmene injini imalirira payokha, ndi komalizira, mpata wa pa kabuleta ukhale cha pa milimita imodzi, matayala asamayende okha.

Kutentha yezani pa pulagi penipeni. A Traxxas amati isapyole 270 F, omwe ndi 132 C, ine kuno ndimafuna izisewera cha m'ma 110 mpaka 120. Kamfuti koyezera kutentha gulani ka amakaniko, kaja ankatiloza nako pachipumi nthawi ya Covid kamathera m'ma 40, sikathandiza. Ngati mulibe, dontho la madzi pamutu wa injini lizitenga masekondi angapo likuwira lisanaume, likangoti tswii kusowa zimitsani.

Ndipo kuchigwa kuno tili ndi vuto lathulathu lomwe mavidiyo a azungu sanena. Blantyre ili pamwamba kupyola mamita 1,000, pomwe mukatsika mapiri aja kufika pa Thabwa mwatsika pafupifupi kilomita yonse, ndipo kumalire ku Nsanje komwe Shire amatulukira ndi mamita 37 okha, malo otsikitsitsa m'Malawi muno. Kunsi kuno mpweya ndi wothithikana, umafuna mafuta ochulukirapo, ndiye kagalimoto kotchunidwa ndi mnzanu ku Blantyre kakafika kuno musangokaliza n'kuthamangitsa, masulani kaye. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuja kopyola 40 kumapepukitsa mpweya, pamapepala ndiye kuti uchepetse mafuta pang'ono, koma mphepo yoziziritsa mutu nayo ndi yamoto, ndiye ine sindithamangira kumanga, bola kaziyenda mwaulesi pang'ono. Ndimatchuna m'mawa kapena dzuwa likapendeka, ndipo zimene ndatchuna madzulo a Okutobala sindizikhulupirira m'mawa wa Juni, kukazizira imafunanso kumasula. Dulaninso bowo pa galasi la kutsogolo la bodi kuti mphepo izifika pamutu wa injini.

Kutchuna kumadya mathanki awiri kapena atatu, ndikudziwa zimawawa mmene mafutawa amavutira kupeza. Wina anandifunsa ngati tingasakanize ethanol wopangidwa ku Chikwawa konkuno kuti achuluke. Ayi amwene, kawaya ka platinum ka mu pulagi kamakhalabe koyaka chifukwa cha methanol, ndipo mukasungunula mwachepetsanso oyilo. Botolo muzitseka msanga poti methanol amayamwa chinyezi, ndipo ndi poizoni, likhale kutali ndi ana.

Mukamaliza mwina mudzaona kuti giya yachiwiri ikulowa msanga kapena mochedwa kusiyana ndi kale, kapena siikulowa n'komwe. Musathamangire kutsegula giyabokosi, imalowa malinga ndi kuzungulira kwa injini ndipo paipi yasintha kumeneko. Malizani kutchuna kaye, ikakhalabe choncho ndiye musunthe kasikuluwu kake pang'ono kwambiri. Zodula manifodi kuti kathamange kumapeto ine sindilimbikitsa pa monster truck, koma ngati mtima wakakamira yambani mwasuntha paipi mu kalabala muone kusintha kwake, ndipo podula muzidula mamilimita awiri basi, chodulidwa sichibwerera.

Ya aluminiyamu imalira mokweza kuposa yakale, mbuzi zimabalalika, ndiye onani kaye ngati kulibe maliro kapena mapemphero pafupi. Ana akamva amabwera gulu ndipo chinthu chonyezimira ndi chimene amathamangira kugwira, auzeni kasanaime kuti chimawotcha. Mukatha kusewera pendeketsani kagalimoto oyilo wotsalira mu paipi atuluke, pisitoni muisiye pansi, dikirani izizire muonenso ma cable tie ndi masikuluwu. Kamchira ine ndimakatseka ndi chivindikiro cha bolopeni, chifukwa mavu aja omanga ndi dothi anandimatira kale kabowoko kagalimoto katakhala milungu itatu pa shelefu. Chivindikirocho ndinachimangirira kansalu kofiira, poti tsiku lina ndinaiwala kuchotsa, ndinaliza mpaka batire kutha injini itakhuta mafuta, ana ali phee kudikira.